Galimoto ikamadziyendetsa yokha, nanga dalaivala amakhala akutani pampandopo?

Masiku ano ukangotsegula Facebook kapena TikTok sulephera kukumana ndi kavidiyo ka galimoto ikuyenda m'tauni ku America, kumpando wa dalaivala kulibe munthu, sitelingi ikungozungulira yokha, okwera ali kumbuyo akujambula ndi foni uku akukuwa. Pakangodutsa masiku angapo wina waponya pa gulu la WhatsApp nkhani yoti galimoto yodziyendetsa yagunda munthu ndipo amene wakaonekera kukhoti ndi dalaivala. Ndiye anthu amafunsa kuti iii, ngati imadziyendetsa yokha dalaivalayo walakwa chani, ndipo amafunamo chani m'galimotomo? Funso limeneli si lachibwana ayi. Kuli akatswiri m'mayunivesite amene atha zaka akulimbana nalo, ndipo kafukufuku wawo wambiri sakhudza injini, amakhudza munthu wakhala pampando uja. Tipite nazo pang'onopang'ono, poti ngakhale zikuoneka za kutali, mbali ina ya nkhaniyi inafika kale kuno ku Mangochi kudzera m'magalimoto a ex-Japan.

Si zonse zodziyendetsa

Chisokonezo chimayambira poti magalimoto osiyana kwambiri tonse timangowaika mu thumba limodzi. Mu 2014 bungwe la mainjiniya la SAE International linatulutsa ndondomeko yotchedwa J3016 yogawa magalimoto m'malevulo, kuyambira 0 mpaka 5, ndipo ofufuza ndi maboma ambiri amagwiritsa ntchito imeneyi. Levulo 0 zonse ukuchita ndiwe, olo galimotoyo itakhala ndi kachipangizo kolira kapena koponda buleki mwadzidzidzi. Levulo 1 imakuthandiza chimodzi, kaya kusunga liwiro ndi mpata pakati pa iwe ndi wakutsogolo, kaya kugwira sitelingi kuti usatuluke mumzere. Levulo 2 imachita zonse ziwirizo nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene pali Autopilot ya Tesla, ProPILOT ya Nissan ndi Super Cruise ya General Motors. Pa levulo 2 woyendetsa ndiwe basi, maso pamsewu mphindi iliyonse, zikavuta mlandu ndi wako.

Levulo 3 ndiye yachilendo. Galimoto imayendetsa yokha pa malo ena ake, iwe ukhoza kuchotsa maso pamsewu, koma ikakuitana uyenera kubwerera. Honda inayamba ndi Legend ku Japan mu 2021, magalimoto 100 okha, kenako Mercedes inaloledwa ku Germany kumapeto a chaka chomwecho, poyamba liwiro lisapitirire makilomita 60 pa ola. Levulo 4 ndi yamavidiyo ija, ngati ma taxi a Waymo amene anayamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala mumzinda wa Phoenix ku America mu 2020, koma amayenda m'dera lokhalo limene kampaniyo inalijambula mapu mwatsatanetsatane. Levulo 5, yoti ichoke pa Mangochi boma ikwere Chowe mpaka ku Namwera mvula ili mkati popanda munthu, imeneyo palibe amene akuigulitsa padziko lonse.

Ofufuza akuda nkhawa kwambiri ndi pakatipa, 2 ndi 3, pamene makina akugwira ntchito yambiri koma munthu akuyembekezekabe kupulumutsa zinthu zikathina.

Kuyang'anira chinthu chimene sichilakwa kawirikawiri

Vuto loyamba ndi lakale kuposa magalimoto amenewa. Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, asilikali a ndege a ku Britain anaona kuti anyamata oyang'anira rada, chipangizo choonetsa zinthu zili kutali, ankaphonya sitima za adani zimene zinkaonekera ndithu pa sikirini. Katswiri wa za maganizo Norman Mackworth anapanga wotchi yopanda manambala, muvi wake unkadumpha kamodzi pa sekondi, koma mwa apo ndi apo unkadumpha mpata wowirikiza. Munthu ankakhala maola 2 akuyang'ana, ntchito yake kungodina batani akaona kudumpha kwachilendoko. Zotsatira zinatuluka mu 1948: pakangotha theka la ola, anthu ankayamba kuphonya, ndipo sanali anthu aulesi, anali asilikali ophunzitsidwa.

Tonse timamudziwa mlonda wa pa shopu. Usiku woyamba amazungulira ndi tochi paliponse, mwezi ukatha popanda wakuba amakhala pansi pakhonde, miyezi itatu ikatha wafunda chikwama cha chimanga akuliza mkonono. Simungati ndi munthu woipa, kungoti mutu wa munthu suutha kukhala tcheru pa chinthu chimene sichikuchitika. Ndipo chodabwitsa nchakuti malo akakhala otetezeka kwambiri mlonda amagonanso kwambiri.

Mfundo imeneyi mayi wina wofufuza wa ku Britain, Lisanne Bainbridge, anaiyala bwino mu 1983 polemba za mafakitale. Anati mainjiniya amapereka kwa makina ntchito zonse zosavuta, nkumusiyira munthu zovuta zokhazokha zimene makinawo alephera, pomwe munthuyo luso lake lachita dzimbiri chifukwa chosaligwiritsa ntchito. Anthu a magalimoto amatchulabe pepala limeneli mpaka lero.

A Google anazionera okha. Mu 2013 anapatsa antchito awo ena magalimoto oyeserera kuti azipitira kuntchito, anawauza mobwerezabwereza kuti maso pamsewu, ndipo anaika makamera mkati. Zimene anaona m'makameramo: wina akudzola zodzoladzola kumaso, wina ali pa foni, wina anagona tulo ndithu galimoto ikuthamanga pa msewu waukulu. Anaimitsa kuyesako nkuganiza zolumpha malevulo apakatiwa, ndipo njira imeneyo ndi imene inadzabala Waymo.

Ngozi imene ofufuza amaphunzitsira kwambiri inachitika pa 18 March 2018 ku Tempe, Arizona, ku America. Galimoto ya Volvo imene kampani ya Uber inkayeserera inagunda nkupha mayi amene ankawoloka msewu usiku akukankha njinga. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti makina anamuona mayiyo masekondi 5.6 ngozi isanachitike, koma kompyuta inkangosinthasintha, pena ikuti ndi galimoto, pena chinthu chosadziwika, pena njinga, ndipo sinakonzedwe kuyembekezera munthu wowoloka pamalo opanda mizere yowolokera. Buleki yadzidzidzi imene Volvo inaika m'galimotomo inali itazimitsidwa. Munthu amene anaikidwa pampando kuti aziyang'anira anali akuonera pulogalamu pa foni. Poyamba m'galimoto zimenezi munkakhala anthu awiri, kenako anachepetsa kukhala mmodzi. Oimira boma pamilandu anati kampaniyo ilibe mlandu woti nkuizenga, koma woyang'anira uja anavomera mlandu mu 2023 nkupatsidwa zaka 3 zokhala kunja moyang'aniridwa. Ena amati chilungamo chinayenda, poti foni inali m'manja mwake. Ena amati anamuika pa ntchito imene sayansi inanena kalekale kuti munthu sangaikwanitse tsiku ndi tsiku. Mbali zonsezi zili ndi pogwira.

Kubwezeredwa sitelingi

Ndiye tinene kuti galimoto yathedwa nzeru, kaya mizere yafufutika, kaya kutsogolo kuli anthu okonza msewu, yalira kuti dalaivala tenga. Zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti munthu abwerere? Apa ndi pamene pali kafukufuku wochuluka zedi, ndipo wambiri amachitikira mu simuleta, galimoto yoikidwa m'chipinda yozunguliridwa ndi masikirini oonetsa msewu. Munthu amamupatsa nkhani yoti aziwerenga kapena gemu pa tabuleti, makamera akutsata kumene maso ake akuyang'ana, kenako mwadzidzidzi belu.

Mu 2019 ofufuza ena anasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 129 otere nkupeza kuti pakatikati munthu amatenga masekondi pafupifupi 2.7. Zikumveka zochepa eti? Koma pa liwiro la makilomita 100 pa ola galimoto imayenda mamita 28 sekondi iliyonse, ndiye masekondi amenewo ndi mamita 75 osachitapo kanthu. Komanso nambala yapakatikati imabisa zambiri. Alexander Eriksson ndi Neville Stanton a ku University of Southampton mu 2017 anapeza kuti pamene panalibe changu, wina anabwerera m'masekondi 1.9 pomwe wina anatenga 25.7. Wopanga galimoto akonzere uti, wachangu uja kapena wochedwayo?

Ndipo kugwira sitelingi sikutanthauza kuti mutu wabwerera. Gulu la Natasha Merat ku University of Leeds mu 2014 linaona kuti munthu akalandira galimoto amatha masekondi pafupifupi 40 asanakhazikike bwino mumzere wake. Manja amafika msanga, koma kudziwa kuti kumbuyo kukubwera thiraki, kumanzere kuli wanjinga, ndipo chimene chadabwitsa kompyuta nchiyani, zimenezo zimabwera mochedwa. Ena podzidzimuka amaponda buleki mwamphamvu kwambiri kapena kukhota osayang'ana pagalasi.

Zandege zinaphunzira izi mowawa. Pa 1 June 2009 ndege ya Air France yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris inakumana ndi nyengo yoipa pamwamba pa nyanja ya Atlantic, timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi ayezi, makina oyendetsa anazima nkubwezera ndege kwa oyendetsa. Ndegeyo inali yabwinobwino, koma oyendetsa sanamvetse chimene chinkachitika, ndipo pasanathe mphindi 5 inagwera m'nyanja, anthu 228 onse anafa. Amenewo anali akatswiri ophunzitsidwa zaka, ali ndi mphindi zingapo. Dalaivala wa galimoto amakhala ndi masekondi, ndipo sukulu yake mwina ndi ya milungu ingapo ija yoti angopeza laisensi.

Malamulo a United Nations a mu 2020 okhudza levulo 3 amapatsa dalaivala masekondi 10, akapanda kuyankha galimoto iyatse mahazadi nkuyamba kuchepetsa liwiro mpaka kuima. Ngati 10 ndi okwanira kwa munthu wotopa usiku kapena wachikulire, akatswiri sanagwirizanebe.

Kukhulupirira mopyola, kapena kusakhulupirira nkomwe

Mfundo yachitatu ndi chikhulupiriro. John Lee ndi Katrina See mu 2004 analemba kuti cholinga sichoti anthu azikhulupirira makina kwambiri, koma kuti chikhulupirirocho chizilingana ndi zimene makinawo angathedi. Mu May 2016 ku Florida, Tesla ili pa Autopilot inalowa pansi pa ngolo ya thiraki imene inkadutsa mopingasa msewu, dalaivala anafera pomwepo. NTSB inapeza kuti pa mphindi 37 zimene makina ankayendetsa, manja ake anadziwika kuti ali pa sitelingi masekondi 25 okha.

Bungwe la IIHS, limene limathandizidwa ndi makampani a inshuwalansi ku America, mu 2022 linafunsa eni magalimoto a levulo 2. Mwa ogwiritsa ntchito Super Cruise, 53 pa 100 aliwonse anati samaona vuto kuitenga galimoto yawo ngati yodziyendetsa kotheratu, a Autopilot anali 42, a ProPILOT Assist 12. Nchifukwa chake makampani anayamba kuika alonda olondera dalaivalayo. Njira yoyamba inali sensa yomva ngati dzanja lili pa sitelingi, koma anthu anaitulukira msanga, ena kumangirirapo kanthu kolemera basi, galimoto nkumaganiza kuti dzanja lilipo. Pano ambiri akupita ku kamera yoyang'ana maso ndi mutu. Mu December 2023 Tesla inavomera kukonza magalimoto opitirira 2 miliyoni ku America pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2024 IIHS itayesa mitundu 14 ya makina otere, umodzi wokha ndi umene unapeza malikisi ovomerezeka.

Mbali inayo sitiitchula kawirikawiri koma kwathu kuno ndi imene ili pafupi. Chipangizo chikamangolira popanda chifukwa munthu amatopa nacho nkuchizimitsa. Taganizirani galimoto yokhala ndi kochenjeza kuti watuluka mumzere, pa msewu wa ku Monkey Bay pamene ukuzemba maenje, njinga za makala ndi mbuzi, imangoti pii pii ulendo wonse, ndipo uthenga pa dashibodi uli m'Chijapanizi. Mwiniwake amapita kwa makaniko kuti achimwene tachotsani kaphokosoka. Sindimuweruza, nanenso phokosolo lingandikwane. Kungoti tsiku limene kakanalira pa chifukwa chenicheni kadzakhala kali chete.

Anthu a kunja kwa galimoto

Kuwoloka msewu ndi kukambirana. Imani pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi madzulo muone: mayi wasenza beseni la usipa amayang'ana dalaivala m'maso, dalaivala amagwedeza mutu kapena kuphethira magetsi, wakabaza amatulutsa dzanja pang'ono nkulowerera, kahutala kakafupi kakutanthauza dutsa, kakatali kakutanthauza usayerekeze. Palibe buku limene linalemba zimenezi koma aliyense amazimva. Galimoto yopanda dalaivala uiyang'ana pati?

Ofufuza anachita zinthu zoseketsa kuti apeze yankho. M'mayunivesite a ku America, ku Stanford, kenako ku Virginia Tech mogwirizana ndi Ford mu 2017, anaveka munthu chovala chooneka ngati mpando wa galimoto, iye akuyendetsa mobisala manja ali pansi, kuti aone mmene oyenda pansi achitire akaona galimoto yopanda munthu. Ena akuyesa magetsi apadera kapena mawu olembedwa kutsogolo kwa galimoto. Chimene chikutuluka m'makafukufuku ambiri nchakuti anthu amadalira kwambiri kayendedwe ka galimotoyo, ngati ikuchepetsa liwiro kapena ayi, kuposa nkhope ya dalaivala. Palinso mantha akuti nyali yoti "woloka" ikhoza kumupusitsa munthu nkuiwala kuyang'ana galimoto ina yobwera mbali inayo.

Komanso makina amadziwa zimene anaphunzitsidwa. Mu 2017 a Volvo anavomera kuti makina awo ozindikira nyama zikuluzikulu, amene ankagwira bwino ku Sweden, ankasokonezeka ndi kangaroo ku Australia, poti ikadumpha m'mwamba kompyuta inkaiona ngati ili kutali, ikatera nkuoneka yayandikira. Ndiye funso la njinga yonyamula chitseko kapena mitolo ya udzu yotambalala mbali zonse ndi lomveka. Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto, ndipo chigawo cha Africa ndi chimene chili pamwamba poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu. Pomwe kafukufuku tikukambayu pafupifupi yense wachitikira ku America, ku Ulaya, ku Japan ndi ku China.

Ndiye ndi zotetezeka kuposa munthu?

Mudzamva kawirikawiri kuti ngozi 94 pa 100 zilizonse zimachitika chifukwa cha munthu. Nambalayi inachokera ku lipoti la boma la America la 2015, koma lipotilo linkanena za chinthu chomalizira pa mndandanda wa zimene zinachitika, silinati msewu woipa kapena galimoto yakutha zilibe gawo. Mkulu wa NTSB Jennifer Homendy anadzudzula poyera kagwiritsidwe ntchito kake. Ndipo kuchotsa zolakwa za munthu sikutsimikiza kuti makina sabweretsa zolakwa zawozawo. Mu October 2023 ku San Francisco mayi wina anagundidwa ndi galimoto ya munthu nkugwera kutsogolo kwa taxi yopanda dalaivala ya Cruise, taxiyo inaima, kenako pofuna kupatukira m'mbali inamukoka mamita pafupifupi 6 ali pansi pake. Chilolezo cha kampaniyo ku California chinaimitsidwa mwezi womwewo.

Kutsimikiza ndi manambala nkovutanso. Ofufuza a bungwe la RAND ku America mu 2016 anawerengera kuti pangafunike kuyenda mamailosi 275 miliyoni, makilomita pafupifupi 440 miliyoni, popanda imfa ndi imodzi yomwe kuti unene molimba mtima kuti makina akufanana ndi madalaivala a ku America. Mbali inayi, Waymo ndi kampani ya inshuwalansi ya Swiss Re kumapeto a 2024 anatulutsa zotsatira za mamailosi 25.3 miliyoni zoonetsa kuti madandaulo a anthu ovulala anachepa ndi 92 pa 100 poyerekeza ndi madalaivala wamba. Nambala yosangalatsa ndithu, ngakhale otsutsa amakumbutsa kuti kampaniyo inali nawo m'kafukufukuyo, ndipo imayenda m'mizinda yosankhidwa.

Pamene umboni uli wolimba ndi pa tinthu tating'ono. Kafukufuku wa IIHS wa 2017 anapeza kuti buleki yodziponda yokha imachepetsa ngozi zogunda mnzako kumbuyo ndi theka. Imeneyi siimuuza dalaivala kuti apume, imangodikira phee mpaka iye ataphonya. Za levulo 2 yeniyeniyo, IIHS yomweyo ikuti palibe umboni wokwanira woti imawonjezera chitetezo pamwamba pa zipangizo ngati zimenezi.

Zimene zikadali m'malere

Toyota inayamba kuika Safety Sense m'magalimoto ake mu 2015, Nissan inaika ProPILOT mu Serena mu 2016, Subaru ili ndi EyeSight ya makamera awiri, ndipo kuyambira November 2021 mitundu yatsopano ya magalimoto opangidwa ku Japan iyenera kukhala ndi buleki yodziponda yokha. Amenewa ndi omwe amatsika pa doko la Dar es Salaam nkulowera pa Songwe. Mukaona kabokosi kuseri kwa galasi loonera kumbuyo, komatidwa ku galasi lakutsogolo, mwina ndi kamera imeneyo. Opanga amati galasi limenelo likasinthidwa kapena bampala yokhala ndi rada ikagundidwa, chipangizocho chiyenera kusetedwanso ndi zida zapadera. Magalaja athu angati ali ndi zida zimenezo, ndipo kamera yopendekeka pang'ono ndi yabwino kuposa yozimitsidwa kapena ndi yoopsa kuposa?

Funso la mlandu nalonso silinathe. Britain inakhazikitsa lamulo mu 2024 loti galimoto yovomerezeka ikamadziyendetsa, wokhala pampando asaimbidwe mlandu wa kayendetsedwe, udindo upite ku kampani. Nanga galimoto yoteroyo ikadzagulitsidwa kachitatu nkupezeka pa Namiasi, kampani yake ilibe ofesi m'dziko muno, apolisi apamsewu adzalemba dzina la ndani, ndipo inshuwalansi idzalipira potengera chani? Kodi sukulu zoyendetsa galimoto ndi mayeso a ku Road Traffic ziyambe kuphunzitsa za zipangizozi, kapena ndi ntchito ya wogulitsa? Ofufuza akukanganabe ngati levulo 3 ndi sitepe yofunika kapena ndi yoyenera kungoilumpha ngati mmene anachitira a Google. Sakudziwanso bwinobwino kuti mnyamata amene waphunzirira pa galimoto yomuthandiza chilichonse luso lake lidzakhala lotani pakatha zaka 10, poti simuleta imayesa munthu ola limodzi kapena awiri basi. Ndipo kamera yoyang'ana maso a dalaivala ija, zithunzi zake zimasungidwa kuti, ndipo bwana wa kampani ya mabasi kapena wa inshuwalansi ali ndi ufulu wozipempha?